Lole ya Masauso Iphunzira Kuyenda Pang'onopang'ono

Lole ya Masauso Tembo inali ndi khalidwe limodzi loipa. Ukaiponda moto inkamvera ngati mwana wa abusa, koma ukangochotsa phazi kuti ichepetse liwiro, inkabuula n'kudumphira kutsogolo, n'kufatsa, n'kudumphanso. Mchenga umene inkanyamula mkati mwa sabata sunadandaulepo. Vuto linali loti lole yomweyo ndiyo inkanyamula maliro a mumpingo wawo kukomboni ya Chifubu, ndipo anthu si mchenga.

Mwezi wathawo inadumpha katatu pachipata cha manda, bokosi la mkulu wina mpaka kutsetsereka. Pofika madzulo, Chifubu yense anali atagamula mlandu: malemu akukana kulowa, alipo amene wawadya. Ndi anthu a m'tauni awa, oimba kwaya, mafoni ali m'manja, koma pa nkhani yotere sachedwa kugwirizana. Zala zinaloza mkazi wa malemuyo, ndipo mayi wamasiyeyo anabwerera kwawo ku Katete ndi chikwama chimodzi.

Tsopano womwalira anali Festus, mwamuna wa Misozi, mlongo wake wa Masauso. Festus ndi amene ankaima kumbuyo kwa loleyo pa maliro onse, n'kugogoda kawiri padenga kuuza Masauso kuti aime. Abale a Festus anafika kuchokera ku Kitwe nkhope zili gwa, akufunsa kuti munthu wathanzi lake angagwe bwanji tsiku limodzi. Masauso atanena zobwereka lole ina, iwo anakana, amvekere tikufuna yomweyo. Iye ankadziwa chimene iwo ankadikira. Ikadumpha pachipata, zala zonse ziloza Misozi.

Masiku atatu a maliro Masauso sanakhale pansi ndi amuna anzake, ndipo misozi sanagwetse ngakhale dontho. Anali pansi pa lole. Anasintha zosefera mafuta, anatsuka mapaipi, msana mpaka kuuma. Makaniko wina wokalamba anamumvera chisoni n'kumuuza kuti izi si za sipanala, apite kukomboni ya Nkwazi kwa Damaris wa makompyuta.

Galaja ya Damaris inalibe ndi fungo la oilo lomwe, ndipo Masauso sanaikhulupirire. Mayiyo analumikiza chingwe kunsi kwa chiwongolero, nayang'ana manambala pa laputopu yake.

"Ba Tembo, injini ilibe mulandu," anatero m'chilankhulo cha m'tauni. "Ni kompyuta yake ili na mantha. Mukachosa mwendo, iganiza ati injini izazima, ndiye ithira dizilo maningi. Nizaiuza ichepeseko."

Anasintha manambala angapo, n'kukaiyesa pamsewu waukulu wopita ku Kitwe. Masauso anaponda moto, anachotsa phazi, lole ili phee. Anabwereza kanayi.

"Yasila," anatero Damaris, akutseka laputopu posonyeza kuti ntchito yatha.

Masauso anali atatopa kwambiri moti anavomera. Koma pobwerera, Damaris akadali m'lolemo, pamsika wa Chifubu, anatsekerezedwa ndi minibasi yokwawa ikusaka anthu. Anachotsa phazi, ndipo lole inadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu, pang'ono kugunda minibasiyo.

"Awe, nomba iyi ni sipidi ya bwanji?" anatero Damaris mokwiya. "Nindani ayendesa lole monga ayenda na mendo?"

"Ine, mayi. Mawa ten koloko."

Anamufotokozera zonse, za bokosi, za abale a ku Kitwe, za Misozi. Damaris anatsekulanso laputopu yake. Madalaivala onse obwera kwa iye ankafuna lole zothamanga ndi zokoka katundu, ndipo palibe anamupemphapo kuti aphunzitse lole kuyenda pang'onopang'ono. Kenako anati kuti aikonze, afunika kuiona ikuyenda pa liwiro lomwelo, itasenza zimene idzasenze mawa.

Masauso anaimika lole pafupi ndi nyumba ya maliro napita kuseri kumene amayi a Chigwirizano, gulu la amayi a mumpingo, ankagwira ntchito. Manyazi anamugwira, poti mwamuna sapempha amayi kusiya ntchito ya pamaliro kuti akakwere galimoto. Anagwada pamaso pa wapampando wawo, Amayi Ennie Phiri, nalankhula motsitsa mawu.

Amayi Phiri sanafunse zambiri. Iwo ndi amene anaperekeza wamasiye uja kukakwera basi ya ku Katete.

"Tiyeni, azimayi," anatero, akupukuta manja pachitenje. "Mmodzi uja akwana."

Anakwera amayi oposa makumi awiri. Lole inayamba kuzungulira bwalo la mpira pa liwiro la munthu woyenda pansi, dzuwa likuswa mtengo. Amayiwo sakanatha kukhala chete palole imeneyi, choncho anayambitsa nyimbo ya maliro, ndipo anthu odutsa anavula zipewa osadziwa kuti kumbuyoko kulibe bokosi. Lole ikadumpha, nyimbo inkadukira pakati. Damaris ankasintha nambala imodzi n'kunena kuti, "Futi," kutanthauza kuti azungulirenso. Anazungulira kosawerengeka. Mawu a amayi anasasa, fumbi lili thoo m'maso. Ulendo wina nyimbo inayamba mpaka kutha osadukiza, ndipo Damaris anatsamira mpando n'kutseka maso.

M'mawa mwake bokosi la Festus linakwezedwa. Misozi anakhala kumutu kwake, atazingidwa ndi amayi aja. Abale awiri a ku Kitwe anaika zikhato pabokosi kuti amve bwino likagwedezeka.

Masauso anayendetsa mosamala. Pafupi ndi chipata cha manda, anthu oyenda pansi anachita kupatuka, maso onse ali pa lole. Iye anachotsa phazi pamoto pang'onopang'ono. Injini inatsitsa mawu, lole n'kulowa pachipata mofatsa ngati ng'ombe yolowa m'khola. Pagalasi anaona mmodzi wa abale aja akuchotsa dzanja pabokosi n'kuliika m'thumba.

Masauso anapitirira nayo mwakachetechete pakati pa mitumbira. Anafika pa dzenje latsopano, amuna ataima ndi mafosholo, koma sanaime. Phazi linali pamwamba pa buleki, khutu lili kudenga, kudikira kugogoda kuja monga ankachitira zaka zonsezi. Lole inapitirira dzenjelo, anthu n'kuyamba kuyang'anana.

Kenako padenga panamveka kugogoda kawiri, kofooka, kwa dzanja la munthu wamkazi. Anali Misozi, ataimirira.

Masauso anaponda buleki nazimitsa injini. Panalibenso choti akonze. Anatsamiritsa mutu pachiwongolero n'kuyamba kulira mlamu wake.