Chikwama pa Kaliyala

M'mawa umenewo ndinapeza matayala onse awiri a njinga yanga ataphwa. Nditagwada kuti ndione, ndinapeza kuti si minga ayi. Munthu anali atachita kuzula mavavu, tizitsulo totsekera mpweya tija. Amuna anga aTwaibu anali pakhonde akutsuka mkamwa, maso ali kumwamba ngati akudikira mvula.

Ine ndine Sellah. Ndimakhala kwa Kalembo, pamudzi pa amayi anga, ndipo ndimagwira ntchito m'sitolo ya mbewu ndi feteleza pa Ulongwe. Amene sanapalasepo njinga kuno mwezi wa Okutobala asandiuze za kutentha. Dzuwa lakwathu silidikira masana. Pofika pa mjigo wa pakati panjira limakhala landipeza kale, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa. Ndimatsika, kunyowetsa mpango wakumutu, kuumanganso ukudontha, koma pofika pa tala umakhala utauma gwa, chishalo chikuotcha ngati chiwaya. Kuntchito ndimafika thukuta lili kamukamu, ndimasintha bulauzi kuseri kwa matumba a feteleza n'kuyamba kugulitsa. Ndipo ndinene poyera: ntchitoyo ndimaikonda, njirayo ndimaikondanso, ndi dzuwa lake lomwelo.

Vuto linali lakuti m'nyumba mwathu munalibe mwana. Zaka zinapita, kuli zii. Ndiye apongozi anga, amayi awo a aTwaibu, anachipeza chifukwa. Ati mkazi wokhalira chitsulo chamoto tsiku ndi tsiku, mwana angakhale bwanji m'mimbamo? Ati dzuwa ndi chishalo zikundiphika. Nkhaniyo inayenda kuposa njinga yangayo, moti pamaliro amayi ena ankandiyang'ana m'chiuno n'kumapukusa mitu.

Ine kuchipatala ndinapita. Anandiyeza, anati sakuona chovuta, koma ndikabwere ndi bambo kuti nawonso ayezedwe. ATwaibu atamva anaseka. Nditabwereza anakwiya. Kuyambira pamenepo, ndikangotchula chipatala mutu unkawapweteka. Musawayese munthu woipa ayi. Madzulo ndinkapeza atanditungira madzi osamba, ndipo tcheni cha njingayo ankathira mafuta ndi iwo omwewo. Ndinkawakonda amuna anga, ndiye chifukwa chake za mavavuzo zinandiwawa mpaka m'mafupa.

"ATwaibu, mavavu anga ali kuti?" ndinafunsa.

"Mupume kaye, mayi," anatero atalavula madzi. "Dzuwali lingodutsa basi. Amayi akuti tiyesere."

"Muyesere pa ine? Nanga kuntchito ndikanene kuti chiyani? Mukuganiza kuti andisungira malo mpaka mvula?"

"Ntchito zilipo zambiri. Walahi, ndikufunirani zabwino."

"Zabwino zangazo zili m'thumba mwanumo. Bweretsani."

"Iyayi."

Iyayi ameneyo sanali wawo, ndinamumva bwinobwino, anali wobwereka kwa mayi awo. Koma anatuluka pakamwa pawo, pakhonde la nyumba yomangidwa pa dothi la amayi anga. Kwathu kuno mwamuna amachita kubwera, ndipo wobwera amadziwa njira imene anadzera. Ndinalowa m'nyumba, kutsitsa chikwama chomwe anabwera nacho tsiku la ukwati, n'kuikamo malaya awo, mkanjo wa Lachisanu, lumo ndi wailesi yawo yaing'ono. Ndinapinda chilichonse bwinobwino. Ndinachimanga pa kaliyala ndi malegeni, kugwira mahandulo, ulendo.

Kukankha njinga yakuphwa mumchenga si masewera. Imakana ngati mbuzi yopita kumsika. Dzuwa linali litakwera kale, fumbi likumata m'miyendo, thukuta likulowa m'maso. Ndikanatha kudzera kanjira kakuseri kwa minda, koma ndinati ayi, mwandinena poyera, mundionenso poyera. Ndinadutsa pakati pa mudzi. Pa mjigo amayi anasiya kupopa, maso onse pa chikwama, pakuti panalibe amene sankachidziwa. Ndinawapatsa moni, ndinanyowetsa mpango wanga monga mwa masiku onse, n'kupitirira.

Kumbuyo ndinkamva mapatapata a aTwaibu, phwa phwa phwa.

"ASellah, mukundichititsa manyazi. Dikirani tikambirane ndi amalume anu aAbdulrahim."

"Amalume amva madzulo. Panopa ndachedwa kuntchito."

"Ndiye chikwamacho mukupita nacho kuti?"

"Kwa eni ake a mawu amene mumayankhula."

Mudzi wa apongozi uli m'mbali mwa njira yomweyo, usanafike pa tala. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akupeta nandolo. Ndinaimika njinga, ndinagwada poteropo monga mwa ulemu wake, pakuti mkwiyo sunandiiwalitse mwambo.

"Ajimwiche uli, mayi?"

Anayankha moniyo maso ali pa kaliyala. Ndinamasula malegeni, kunyamula chikwama ndi manja awiri n'kuchiika pafupi ndi lichero lawo.

"Ndabweretsa katundu wa mwana wanu," ndinatero. "Mwati dzuwa likundiphika. Mwina ndi zoona, ine sindine dokotala. Koma ine ndinakagona pabedi la kuchipatala, anthu achilendo n'kundiyeza, manyazi ndinawameza. Awa amakhala pamthunzi tsiku lonse, chishalo sichiwaotcha, koma kuchipatala akukana. Ndiye lero muwasunge inuyo pamthunzi wanuwu."

"Iwe mwana, ukunena kuti mwana wanga ndi amene ali ndi vuto?" Mawu awo anakwera mpaka nkhuku zinabalalika.

"Sindikudziwa, mayi. Inunso simukudziwa. Koma chilango mwapereka kale, ndipo mwapereka kwa ine ndekha."

ATwaibu anaima pakati pathu, thukuta likuyenderera m'khosi, munthu wosazolowera dzuwa la njira imeneyi. Kenako anapisa m'thumba. Anagwada pa njinga, kubwezera mavavu, kuchotsa mpope pamalo pake n'kuyamba kupopa. Mayi awo anawaitana dzina, iwo osacheuka. Anapopa tayala lakumbuyo, analitsina ndi chala monga amachitira m'mawa uliwonse, n'kupita lakutsogolo. Mtima wanga unafewa pamenepo, ndisaname. Ndinaona mwamuna wanga uja.

"Ndakupatsani," anatero motsitsa mawu. "Tengani chikwamacho tibwerere kunyumba."

"Chikwama chikhale kaye," ndinayankha. "Pa kaliyala pali malo tsopano. Chipatala chili panjira yanga yomweyi. Kwerani, ndikupalasani ndine, ndipo pamzere ndikakhala nanu pambali. Akakapeza kuti vuto ndi lanu, sindidzauza munthu, ndipo sindidzakusiyani. Akakapeza kuti palibe, tidzadikira limodzi. Koma zomandizulira mavavu zathera pano."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mayi awo. Apongozi anali atagwira kale chogwirira cha chikwama chija.

Ndinakwera. Chishalo chinali chitaotcha kale, chinandiwaula kudzera m'chitenje momwe. Ndinapalasa pang'onopang'ono, monga timachitira podikira munthu kuti athamange n'kujowera kumbuyo. Ndinakhwimitsa manja pa mahandulo kuti akadumphira ndisagwe. Ndinadutsa nkhokwe yawo, ndinadutsa mpanda, njinga ikuchita kupepesuka chifukwa chochedwetsa, msana wanga wonse ukudikira kulemera kwawo. Sindinacheuke. Ndinadziwa kuti ndikangocheuka nditsika.

Pa mlambe waukulu pomwe kanjira kamakumana ndi tala, kaliyala inali yopepukabe, malegeni okha akulendewera n'kumagunda masipoko. Ndinalira, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Ndinapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango, womwe unali utauma kale. Kenako ndinaimirira pa mapedulo n'kupalasa ndi mphamvu zanga zonse kulowera ku Ulongwe, pakuti alimi anali akudikira mbewu, ndipo makiyi a sitolo anali m'chiuno mwanga.