Dzenje la Kuseri kwa Nyumba

"Likwiriridwe lero lomwe," anatero a Matthews, mng'ono wa malemu, akuloza dzenje kuseri kwa nyumba.

Kezia anayang'ana dzenjelo. Bambo ake, a Howard, anali ataikidwa dzana kumudzi ku Edingeni. Anagwera m'dzenje lomwelo akuchotsamo matope mvula isanayambe. Sanadwale. Sanatsanzike.

"Adada, si manda amenewo. Ndi mogwera madzi a mvula."

"Mwana wanga, dzenje losakwirira limaitana mwini wake. Laitana mmodzi. Ukufuna liitanenso amayi ako?"

Amayi anangozyolika. Achibale a kumudzi anayamba kuponyamo dothi. Anazula ndi vetiva yemwe, udzu umene malemu anabzala m'mbali mwa ngalande.

Kezia anathawira m'kanyumba kosungiramo makasu. Munali thabwa lalikulu. Atapuma ntchito ya misewu, a Howard anaumbapo dera lawo lonse ndi dongo: msewu, ngalande, dzenje, timabokosi ta machesi m'malo mwa nyumba. Ankathirapo madzi ndi ketulo n'kumaona kumene akuthamangira. Anthu ankati mdala wabwerera ku umwana.

Kezia anatseka kadzenje ka pathabwapo ndi chala. Anathira. Madzi analambalala nyumba yawo, osaikhudza n'komwe. Anatsetsereka mpaka kukamiza kabokosi ka kumunsi.

Kezia anayang'anitsitsa kabokosiko. Kwa a Chester! Munthu amene sankapatsana moni ndi bambo ake chikanganirane za malire. Ndi pamaliro pomwe anakhala patali.

Anatuluka chothamanga. "Adada, lekani! Madzi onse apita kwa a Chester!"

"A Chester omwe aja? Mbwenu akumbe lawo."

Mvula inabwera masana, yosachenjeza, mphepo ya ku Viphya ili patsogolo. Madzi a mumsewu anadutsa pa dothi latsopanolo ngati pa simenti. Kumunsi kunamveka mfuu. Kezia anaona matiresi akutuluka pakhomo, kenako matumba a chimanga, akudontha.

Mvula itakata, a Chester anakwera chitunda, matope mpaka m'mawondo.

"Zaka zonsezi madzi sanalowepo m'nyumba mwanga. Mwachita chiyani kuno?"

A Matthews anayang'ana nsapato zawo.

"Tiyeni muone, adada," anatero Kezia, n'kuwatsogolera ku thabwa lija.

A Chester anawerama. Timabokosi tonse tinali topanda chizindikiro chilichonse, ngakhale ka a Howard eni ake. Koma ka kumunsi kanali ndi kachitseko kopaka buluu, ngati chitseko chawo. Pambali pake panali kamtengo kozikidwa, pamalo penipeni pa mpapaya wawo.

A Chester anatola kabokosiko. Anakapukuta ndi malaya, pang'onopang'ono, n'kukabwezera pamalo pake.

"Khasu la a Howard lili kuti?" anafunsa.