Woyendetsa Sitima wa ku Foleshill

Amuna anga, a Overtone, anayendetsa sitima pa nyanja ya Malawi zaka zambiri. Koma titakhazikika ku Foleshill, mumzinda wa Coventry, mu 2004, ine nditapeza ntchito ya unesi, mapepala awo anasanduka okulungira mandasi. Akuti nyanja yathu ilibe mchere, ndiye ayambirenso. Anayambiradi: sukulu, kenako miyezi yambirimbiri akukolopa m'sitima za katundu, akutumidwa ndi anyamata oti akanatha kuwabereka. Kunangotsala mayeso apakamwa kuti alandire chiphaso cha kuno.

Analephera, koma osati chifukwa cha umbuli. Wowayesayo, mzungu wa imvi, anadzipanga kaputeni n'kulamula dala kuti akhotere kumanzere pomwe sitima ina ikubwera maso ndi maso. A Overtone ankadziwa bwinobwino kuti pamenepo amakhotera kumanja. Koma munthu woleredwa kwathu angamuuze wamkulu pamaso kuti walakwa? Anazolika, n'kuyamba kuzungulira ngati akufunsira mbeta. Mkuluyo anangoti sitima yamira kale, abwerenso ulendo wina. Nditamva ndinapsa mtima mpaka kulira m'basi.

Lamlungu lotsatira kunabwera malume anga, a Ackson, amene anatisunga kwawo ku Whitmore Reans titangofika kumene m'dziko muno, tisanasamukire ku Coventry. Kwa amuna anga amenewo ndi apongozi, ndipo ankawaopa ngati moto.

"Bambo a Zoe," anatero malume, "ndakupezerani job ya permanent ku warehouse komwe ndimagwira ntchito ku Telford. Mawa mukasayine. Za ma ship izi zisiyeni, mwakula. Ku Midlands kuno nyanja mwaiona pati? Ma canal awa?"

Amuna anga mutu unali pansi, akufikisa manja. Ndinadziwa kuti akangoti chabwino, thukuta lonse lija lapita pachabe, ndipo adzakalamba akunyamula makatoni. Pakamwa pankandiyabwa, koma ndinadzigwira. Mlandu sunali wanga.

"Mwina, malume, tikanayamba taganizako kaye..."

Amuna anga sanamalize mawuwo. Kenako anadzutsa mutu n'kuwayang'ana malume m'maso, chinthu chomwe ndinali ndisanachionepo chikwatirane.

"Ayi. Ku Telford sindipita. Ndibukitsa oral ina, ndikayesedwenso."

"Mukundikanira ine? Ine amene ndinakugonekani pa sofa yanga chaka chathunthu?"

"Munatisunga, ndipo sindidzaiwala. Koma apa mwalakwa, malume. Ine ndine woyendetsa sitima."

Malume anadzuka, tiyi osamaliza, n'kutenga jekete yawo. Pakhomo anandicheukira.

"Felista, iwe ukungoonerera zimenezi?"

Anamenyetsa chitseko. Zinandiwawa, sindinama, poti ndi mlongo wawo wa mayi anga, ndipo kuno wachibale wina ndilibe. Pawindo ndinkawaona ataima pa galimoto, akuchedwa dala kutsegula. Ankadikira kuti ndiwathamangire, ndikagwade pamsewu n'kupepesa m'malo mwa amuna anga.

Ndinatseka katani, n'kukhala pansi pafupi ndi a Overtone.