Bondo la Jacinta

A Goodwin Ngozo anasewerapo mpira m'timu ina yaikulu ya mumzinda muno, ndipo aliyense wa ku Biwi amene ali ndi makutu nkhaniyi anaimva, wofuna ndi wosafuna yemwe. Zoti nthawi zambiri ankangotenthetsa benchi, zimenezo sankazitchula. M'mawa ankawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, koma dzuwa likapendeka ankakoleka wezulo m'khosi n'kupita pabwalo la fumbi la kuseri kwa magalaji kukaphunzitsa mpira atsikana a m'deralo. Iwo ankati akuthandiza ana. Kunena zoona ankapita kukanyoza, chifukwa kunyoza ndiye kunali kudya kwawo.

"Taonani miyendoyo," ankatero atagwira m'chiuno. "Inu mpira mumauyesa dengu la tomato eti? Ine nthawi yanga anthu ngati inu sitinkawalola ngakhale kunyamula madzi."

Pa ana onsewo, amene ankamuda kwambiri anali Tiyese, mwana wa mayi wina wogulitsa zitumbuwa amene anabwera m'tauni kuchokera ku Mulanje. Tiyese analibe ulemu, zimenezo n'zoona. Amayi ake akamutuma, jumbo ankailandira ndi dzanja limodzi, mwina lamanzere kumene, miyendo itayamba kale ulendo. A Ngozo akamuona ankatsonya. "Nyumba yopanda mwambo imaonekera pa mwana," ankatero.

Mwambo unali kunyumba kwawo, ndipo ankaunyadira kuposa mageti awo. Mwana wawo Jacinta, mtsikana wa mu Sitandade 7, bambo ake akamupatsa chinthu, kaya ndi kapu kaya ndi sopo, ankayenera kuima kaye, kunjuta, n'kulandira ndi manja awiri. Ali wamng'ono tsiku lina anatsomphola nthochi m'manja mwa bambo akewo akuthamangira anzake panja, ndipo kamtengo ka pichesi kanamufotokozera zonse bwinobwino. Sanabwerezenso. A Ngozo nkhaniyi ankaikamba ngakhale pamaliro, n'kumaliza ndi mawu oti kuongola mtengo n'poyamba.

Ndiye kunabwera uthenga. Mayi Irene, amene ankayendetsa timu ya atsikana ku Area 49, anati abwera Loweruka kudzasankha mtsikana mmodzi yekha woti akalowe m'timu yawo. Ananeneratu chimene ankafuna: mwana wodziwa kulandira mpira akuthamanga, osati woima n'kumaudikira. Jacinta atamva, madzulo ake anachapa nsapato zake zansalu mpaka zala kutuwa. Malo amenewo ankawafuna ndi mtima wake wonse. Bambo ake nawo anayendayenda m'Biwi monse, kwa ometa, kwa achiwaya, kwa akabaza, kulengeza kuti malowo ndi a mwana wawo, enawo angodzaperekeza.

Sabata imeneyo anandandalika zidutswa za njerwa pabwalo paja n'kuyamba kuphunzitsa. Pamenepa tisawanamizire, ntchitoyo ankaidziwa.

"Mpira suudikira, umakumana nawo," ankakuwa. "Usanafike, cheuka kaye uone amene ali kumbuyo kwako. Ukafika, usauphe. Ugunde ndi m'kati mwa phazi, uukankhire komwe ukupita, iwe n'kumautsata. Osaima! Amene waima wafa."

Mpirawo ankapatsira okha, poti pabwalo lonselo panalibe phazi lina limene ankalikhulupirira. Mwana ankathamanga kuchokera panjerwa yoyamba, iwo n'kuukankha mpira kutsogolo kwake uku akufuula kuti, "Landira!" Ena ankaupitirira, ena ankauponda n'kugwa chagada. Tiyese ankangoukokera kutsogolo ngati mmene amachitira ndi jumbo ya amayi ake, osayang'ana n'komwe amene wamupatsira. A Ngozo ankati ndi mwayi chabe.

Koma Jacinta, mayo ine! Ankanyamuka bwino, liwiro labwino, mutu uli m'mwamba. Bambo ake akangoti "Landira!" mwana uja ankaima nji, n'kutsikira pansi pang'ono, mpira n'kumudutsa kapena kumugunda m'miyendo.

"Iwe ukudikira minibasi?" ankakalipa a Ngozo. "Waima ngati mtengo wa magetsi bwanji? Thamanga!"

"Pepani adadi."

"Pepaniyo agoletsa chigoli?"

Kunyumba mlandu anaukankhira kuchikazi. Anati ulesi umenewu ndi magazi a kwawo kwa mkazi wawo Zipora, anthu oti ngakhale mvula ikuwathamangitsa amayenda ngati akupita kuukwati. Zipora, amene anali kusita yunifolomu, anangoti, "Koma bambo a Jacinta, ine ndikamadutsa pabwalo paja inu kulibe, mwanayu amathamanga nawo bwinobwino mpirawo."

"Inu mpira munaudziwira kuti?" anatero a Ngozo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Loweruka linafika ndi mphepo yake ya fumbi. Mayi Irene anatsika pa njinga yamoto, mayi wamfupi wovala buluku la masewera ndi kapusi. A Ngozo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mumtima n'kumati dziko latha, azimayi ayamba kusankha osewera. Koma pakamwa anasekerera mpaka mano onse panja. Anthu anali atadzaza m'mbali mwa bwalo, ambiri mwa iwo oitanidwa ndi a Ngozo omwewo.

Mayi Irene anati atsikana ayambe asewera okhaokha. Apa a Ngozo anapeza mpata. Anaima pambali pa mlendoyo, bwalo atalifulatira, n'kuyamba kufotokoza za chigoli chimene akuti anatsala pang'ono kugoletsa kalekale. Kumbuyo kwawoko Jacinta anali kuuluka. Mnzake Luntha akamupatsira, iye ankacheuka, kuukankhira mpira kutsogolo ndi m'kati mwa phazi, n'kudutsa anthu fumbi lili koboo. Zonse zimene bambo ake anaphunzitsa sabata yonse zinali pamenepo, koma mwini wake wa maphunzirowo anali kuonetsa mlendo chipsera cha pabondo.

"Akochi, uyo wa malaya obiriwirayo ndi ndani?" anafunsa Mayi Irene.

A Ngozo anatembenuka mpira utatuluka kale. "Wanga ameneyo," anatero akudziguguda pachifuwa. "Magazi anga enieni."

"Chabwino. Ameneyo ndi uyo wopanda nsapatoyo, ndiwaone awiriwa paokha. Luntha aziwapatsira."

Wopanda nsapatoyo anali Tiyese. A Ngozo anaseka chikhakhali. Mwana wawo kumuyerekeza ndi mwana wa zitumbuwa! Komanso anthu onsewa anabwera kudzaona chiyani ngati iwo a Ngozo sagunda mpira ngakhale kamodzi?

"Kamwana aka kangadziwe kupatsira?" anatero akumulanda Luntha mpira. "Ndipatsira ndine, madamu. Muone mmene timachitira ife akale."

Mayi Irene anangokweza mapewa. Anayamba Tiyese. A Ngozo anaumenya mwamphamvu dala, kuti kamwanako kachite manyazi. Tiyese anaukokera kutsogolo osaima ngakhale pang'ono, n'kukaumenyetsa pakati pa njerwa ziwiri. Anthu anakuwa.

Kenako Jacinta. Ananyamuka ngati mphepo, nsapato zoyera zija zikung'anima. Bambo ake anaukankha mpira bwino kwambiri, mofewa, kutsogolo kwa phazi lake lamanja. Ukanakhala mpira wokha, bwenzi zonse zitayenda. Koma a Ngozo sakanatha kupereka chinthu osalankhula.

"Landira!"

Jacinta anaima nji. Mpira unadutsa n'kukalowa pansi pa galimoto yakufa ya kugalaji. Ena mwa anthu aja anaseka.

"Abwereze," anatero Mayi Irene. "Koma akochi, bwanji apatsire mnzake? Muja amasewera okha sanaime."

"Madamu, ine ndinasewera mpira inu musanabadwe," anayankha a Ngozo, thukuta lili kamukamu. Anamuyang'ana mwana wawo ndi diso lija amalidziwa kunyumba. "Iwe, usandichititse manyazi pano."

Diso limenelo ndi limene linamaliza zonse. Ulendo uno Jacinta anaima mpira usanachoke n'komwe paphazi la bambo ake, misozi ili lengelenge. Mayi Irene anadikira pang'ono, kenako anayenda n'kukagwira Tiyese paphewa. Amayi ake a Tiyese anasiya beseni la zitumbuwa pansi n'kuyamba kululutira.

A Ngozo sanatsanzike. Anasonkhanitsa mipira yawo m'thumba n'kuuyamba wa kunyumba, Jacinta akutsatira kumbuyo. Njira yonse anali kutukwana. Anatukwana mayi wosadziwa mpira, anatukwana ana a m'nyumba za lendi, anatukwana magazi a kwa Zipora. Atafika pamphambano pomwe amayi amagulitsa masamba, anaona kuti si bwino munthu wamkulu ngati iwo kusenza thumba mwana alipo. Anatembenuka n'kulitambasulira kwa Jacinta.

"Landira!"

Mwana uja anaima nji pakati pa msewu. Anatsikira pansi pang'ono, bondo lamanja litapindika kumbuyo kwa linzake, manja onse awiri atatambasula, maso ali pansi.

A Ngozo thumba lija sanalisiye. Bondo limenelo analidziwa. Analiona sabata yonse pabwalo, analiona lero pamaso pa Biwi yense, ndipo analitcha ulesi, analitcha mtengo wa magetsi. Anakumbukira nthochi ija ndi kamtengo ka pichesi. Anatsegula pakamwa kuti akalipe monga mwa nthawi zonse, koma anasowa womukalipira. Manyazi anawagwira, ndipo kumbuyo kwa manyaziwo kunali chisoni chimene sankadziwa pochiika.

Jacinta anali chinjutire, kudikira kuti bambo ake asiye thumbalo.

Mayi wina wogulitsa mpiru, amene kubwalo kuja sanapiteko, anawomba m'manja mokondwa.

"Eee, bambo a Jacinta, koma ndiye munalera!" anatero mokweza kuti anzake amve. "Ana a masiku ano angaime chonchi? Ameneyu ndiye sadzapita kulikonse, adzakusungani pakhomo."