Mwala wa Hélio

Victorino anali akadalimbana ndi loko wa pakachipinda ka kuseri pamene mlendo analowa kumpanda. Misomali inkakana kuzuka. Anaikhoma yekha, ndipo Victorino sakhoma chinthu mwachibwana. Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro a mng'ono wake Hélio, anansi a ku Canongola atatenga kale mipando yawo.

"Ndine Hortência," anatero mayiyo. "Enfermeira, namwino amene ndinkamumwetsa Hélio mankhwala a metadona m'mawa uliwonse. Pepani ndi zovutazi."

Anakhala pansi pa mtengo wa masau. Victorino ankafuna chinthu chimodzi chokha: munthu amuuze kuti si iye anapha m'bale wake.

"Mankhwala anuwo ndi heroina yemweyo, mwangomuthira m'kapu," anatero. "Zaka ziwiri munthu kumwa osachira? Ndinati asiye zonse. Ndinamutsekera umo kuti thupi liiwale."

"Masiku angati?"

"Asanu. Kenako anaboola denga. Tinakamupeza ku Degue, jekeseni ili pamkono."

Hortência sanamudzudzule, ndipo bola akanatero. Anangofotokoza kuti metadona amagoneka njala ya heroina, koma munthu akasiyitsidwa mwadzidzidzi n'kubwerera ku jekeseni, mlingo wake wakale ukhoza kumupha.

"Kwathu kuchipatala sitifunsa kuti walakwanji," anapitiriza. "Timafunsa kuti chinakuchitikira n'chiyani. Hélio tsiku loyamba mnzanga atatseka chitseko, anagwa pansi n'kuyamba kubanika. Sitinatsekenso. Funsolo anadzaliyankha patapita miyezi isanu ndi itatu."

"Anati chiyani?"

"Zimenezo n'zake, bambo. Koma anati inu munalipo."

Analipodi. Ku Angónia, nthawi ya nkhondo, mfuti zitalira m'mudzi, Victorino anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, Hélio zisanu ndi chimodzi. Victorino anamutsitsira m'dzenje lobisamo chimanga, n'kuvindikirapo chitseko chakale, iye n'kuthawira kuthengo. Anabwerako patapita masiku awiri. Mwanayo anatuluka wamoyo, ndipo banja lonse, ku Malawi kothawirako ndi pobwerera pomwe, silinaleke kutama Victorino. Za m'dzenjemo palibe anafunsa. Hélio atakula ankagona pakhonde, onse n'kumati ndi kutentha kwa Tete.

"Ankakuwa m'kachipindamo," anatero Victorino. "Ankati, 'Mano, achimwene, musatseke, sindithawa.' Ine ndinkati ndi heroina amene akulankhula." Anayang'ana nyundo imene inali m'manja mwake. "Ndiye kuti ndine?"

"Munafuna kumupulumutsa, kawiri konse," anayankha Hortência.

Victorino anadikira kuti mwina anena kuti ayi, si inu, koma mayiyo sanali wonama. Zinamupweteka kuposa tsiku la maliro.

Hortência anamasula kansalu n'kutulutsa mwala wosalala wa mu Zambezi, kukula ngati papaya wamng'ono.

"Hélio ankafika woyamba, n'kuchirikiza chitseko chathu ndi mwala uwu. Akamwa mankhwala sankachoka msanga. Ankakhala pakhomopo, wachilendo akabwera akunjenjemera n'kumuuza kuti, 'Lowa, pano satseka.' Anzake anati ndiubweretse kwawo kuno."

Mlendo atapita, Victorino anasiya nyundo. Anakankha chitseko cha kachipindako mpaka kukhoma. Mkati munali mphasa, chidebe, ndi kuwala kolowera pamene Hélio anaboola. Anawerama, n'kuika mwalawo pansi kuti chitseko chisabwerere.