Bala la Pansi pa Mpendadzuwa

Mpeni unaterereka Norbert akusuzumira foni. Atabweza maso pathebulo anapeza lamba wachekeka. Sanaduke ayi, koma bala lake linalowa mpaka pakati pa chikopa. Tsono anali lamba wonyamula chopondera cha kumanzere, momwe wokwera hatchi amaika phazi n'kutsamirapo thupi lonse.

Anayang'ana kukhomo. Eugene, mzungu wokalamba mwini wake wa shedi yogwiriramo ntchitoyi, anali panja akucheza ndi kasitomala. Kwa zaka ziwiri Norbert ankabwera kuno, kumpoto kwa tauni ya Markham ku Canada, Loweruka lililonse kudzaphunzira kupanga zishalo za hatchi. M'kati mwa sabata anali munthu wa makompyuta. Chishalo ichi chinali choyamba chomwe Eugene anamulola kupanga yekha, ndipo mwini wake anali Yusra, mwana wa a Wadi, mnzake wa Norbert wa ku Scarborough. Mtsikanayo anali ndi mpikisano wothamangitsa hatchi mozungulira migolo sabata yotsatira.

Chikopa chochindikala cha malamba chinali chitatha, ndipo kuitanitsa china kukanatenga masabata atatu. Komanso akanayamba bwanji kumuuza Eugene? Norbert anathira guluu pabalapo, n'kupanikiza, n'kumatapo phula lakuda. Lambayo amabisika pansi pa chikopa chachikulu chotchinga mwendo, ndipo pachikopa chimenecho iye anali atazokotapo maluwa a mpendadzuwa, ngati aja ankadzaza munda wa bambo ake ku Katete. Anagwetsa chikopacho, bala n'kusowa.

Eugene atalowa anayendetsa chala pamaluwa aja pang'onopang'ono.

"Tsopano ndiwe mmisiri," anatero m'Chingerezi. Munthuyu sankayamikira wamba.

Norbert anangoseka kaphwete kopanda mphamvu.

Lachitatu masana anapita nacho chishalocho ku khola la hatchi komwe Yusra ankaphunzirira. Anapeza a Wadi atafika kale, foni ili m'manja.

"Abwera amisiri aja!" anafuula a Wadi. "Koma a Norbert, ku Katete munaionako hatchi inu? Si abulu okhaokha kumeneko?"

"Nanga inu a ku Mangochi? Mdzukulu wa msodzi kukwera hatchi, chambo chikamva chidzaseka."

"Chiseke! Ine zithunzi ndaposita kale pagulu lathu lija. Ndawauza onse kuti mwana wanga akwera pa ntchito ya manja a m'bale wathu, osati za m'sitolo."

Yusra anali atabadwira ku Canada komweko, ndipo Chichewa chake chinali cha apo ndi apo. Anakumbatira chishalocho n'kununkhiza chikopa.

"Ankolo, it's beautiful. Zikomo kwambiri. Maluwawa mwapanga nokha?"

"Ndekha, mwana wanga."

Yusra anachiika pamsana pa hatchi yake yofiirira n'kumanga lamba wa pamimba. Norbert anali ataima manja m'thumba, akudziuza kuti guluu uja ndi wamphamvu, kuti mtsikanayu ndi wopepuka, kuti mpikisano ukangotha adzasintha lambayo mwakachetechete. Kenaka anaponya maso kubwalo. Kunali mayi wina akuyeserera. Hatchi yake inakhota pamgolo ili pa liwiro, yapendekeka ngati igwa, ndipo thupi lonse la mayiyo linali paphazi limodzi.

Yusra anaika phazi m'chopondera cha kumanzere n'kudzikweza.

"Tsika!"

Mawuwo anatuluka m'kamwa mwa Norbert mwamphamvu moti hatchi inadzidzimuka. Yusra anatsika, maso ali tong'o.

"N'chiyani kodi, achimwene?" anafunsa a Wadi.

Norbert anatukula chikopa cha maluwa chija, n'kupala phula ndi kiyi wa galimoto, n'kupinda lambayo. Bala linayasama. Mkati mwake guluu anali atayamba kale kumatuka.

A Wadi anayang'ana nthawi yaitali. Foni anaibwezera m'thumba.

"Mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Loweruka. Mpeni unanditerereka. Ndinachita manyazi kunena."

"Manyazi," anatero a Wadi motsitsa mawu. "Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Koma inu phula lanulo mumafuna adye mwana wanga."

Norbert analakalaka akanamutukwana, kapena kumumenya khofi kumene. Koma a Wadi sankakweza mawu, ndipo mpamene zinawawa. Yusra sanamve mwambiwo, koma lambayo anamuona. Anamasula chishalocho yekha, n'kuchiika pampanda mosamala ngati chinthu cha eni.

"It's okay, ankolo. Ndibwereka cha mnzanga," anatero, osamuyang'ana kumaso.

A Wadi anatsagana ndi mwana wawo kukhola. Sanatsanzike.

Norbert anakhala m'galimoto mphindi zingapo asanalize injini. Msewu wa kumanzere unali wopita kunyumba. Iye anakhotera kumanja, kwa Eugene.

Nkhalambayo inamvetsera zonse ikupukuta singano zake, osamudula mawu. Norbert atamaliza, inatenga lambayo n'kumupinda pawindo kuti ione bwino.

"Mpeni umaterereka kwa aliyense," inatero. "Ine ndataya zikopa zokwana ng'ombe khumi. Zimenezo sindidandaula nazo. Koma tsiku lija ndinakutcha mmisiri, iwe n'kungoseka."

"Pepani."

"Palinso pena pomwe wabisa?"

"Palibe. Ndi pokhapo."

"Mwina n'zoona. Koma ine sindingadziwe, ndipo msana woti uthyoke si wanga kapena wako." Eugene anakankhira chishalocho kwa iye. "Chimasule chonse, mpaka mtengo wa mkati uoneke. Ndiona chidutswa chilichonse ndi maso anga. Ukakana, chitseko ndi icho, sindikusungira mangawa."

Norbert anayang'ana misoko yake. Inamutengera miyezi inayi, ndipo inali yowongoka bwino kuposa ina iliyonse yomwe anasokapo. Anavula jekete, n'kukoka mpando, n'kulowetsa nsonga ya lumo pansi pa ulusi woyamba.