Galimoto pa Jeke Yokha

"Achimwene, zitsulo izo mwazichotsa kuti?"

Mayi a mapasa anaima pakati pa msewu, basiketi ili m'manja, maso ali pa njinga yomwe inatsamira khoma la owotcherera zitsulo. Pakaliyala panali patamangidwa masitandi awiri ofiira, zitsulo zija za miyendo itatu zokhazikapo galimoto akaikweza.

"Ndi anga, chemwali," anatero mchimwene wawo, osatembenuka bwinobwino pakuti macheza anali atakoma. "Kapena mwaiwala amene anagula?"

Sanaiwale. Amuna awo, omwe ntchito yawo inali yometa anthu, atagula kagalimoto kakale anatopa msanga ndi amakanika. Mchimweneyu nayenso anali ndi kapikapu kokhalira kutsokomola. Alamu awiriwa anapangana kuti poti zida n'zodula, wina akagula ichi mnzake agule icho, chida chimodzi chizitumikira nyumba ziwiri. Sankagula kanthu mpaka ntchito itakafuna. Masipanala anatolera pang'onopang'ono kwa oyala pansi pamsika, ena adzimbiri, ena onyezimira, osafanana ngati ana a mitala. Jeke inali ya ometa, masitandi a achimwene, hamala ndi pulayasi palibe ankakumbuka mwini wake. Aliyense ankalowa m'shedi ya mnzake n'kutenga chomwe wafuna, osaodira n'komwe.

"Sindikufunsa mwini wake," anatero mayiwo. "Ndikuti mwazichotsa kuti?"

"Pansi pa galimoto yanu. Ndapeza pakhomo pali zii. Ndangokweza pang'ono ndi jeke, n'kusolola, lona yophimbira galimotoyo n'kubwezeretsa momwe inalili. Masana ndibweza. Nanga Injiniya wanuyo si ali kometa?"

Basiketi inagwa, sopo n'kugubuduzikira m'ngalande.

Amuna awo sanapite kometa tsiku limenelo. Anangothamangira kusitolo kukagula mafuta ofewetsera bawuti yomwe inawavuta dzulo lake, ndipo mayiwo anali atangokumana nawo pakona akubwerera, kabotolo kali m'manja, akuseka kuti, "Lero bawuti ija indidziwa."

"Ali pansi pake!" anakuwa mayiwo. "Achimwene, ali pansi pake!"

Anathamanga. Silipasi imodzi inatsala pa owotcherera, inayo anaitaya okha. Anthu ankapatuka, ena n'kumafunsa kuti kwagwanji.

Atakankha geti anaona zomwe ankaopa. Galimoto inali pomwe anaisiya dzulo, matayala akutsogolo atachotsedwa, lona italendewera mbali zonse ziwiri mpaka pansi, yoyalidwa bwino ngati bedi la alendo. Kutsogolo kwake kunkaoneka miyendo iwiri pa katoni. Pambali pa miyendoyo panali jeke, yomwe amuna awo ankaisiya pamenepo nthawi zonse itangokhudza chitsulo, ntchito yonse akugwira ndi masitandi. Lero inasenza yokha. Inali itapendekera kale, phazi lake mbali imodzi litalowa m'dothi.

"Bambo a mapasa, tulukani!"

"Mwabwera kale?" mawu anachokera pansi, osangalala. "Dikirani mayi, yatsala pang'ono kugonja. Ndalumikiza paipi ku sipanala."

Anakoka. Galimoto yonse inagwedezeka, jeke n'kulira ngati chitseko chakale.

"Masitandi kulibe! Achimwene atenga!"

"Atenga chiyani?"

Mayiwo anagwada, n'kugwira akakolo onse awiri, n'kudzigwetsa chagada ndi mphamvu zonse. Katoni inaterera. Kunatuluka mawondo, mimba, chifuwa, kenako nkhope yakuda ndi oyilo, pakamwa pali yasa.

"Wapenga kodi, mkazi iwe?"

Dzanja lamanja linali lisanasiye paipi ija. Jeke inatha mphamvu n'kugwera pambali, galimoto n'kutsika ndi chiphokoso chomwe chinauluzitsa nkhunda padenga la oyandikana nawo. Fumbi linati kobo.

Amuna awo sanakuwe. Anagona chagada, maso ali tong'o kumwamba, mkono utalowa pansi pa bampala mpaka m'chigongono. Pomwe panali mutu wawo kanthawi kapitako, chitsulo cha injini chinali chitaboola katoni n'kulowa m'dothi.

"Mayi," anatero motsitsa, ngati akufunsa za nyengo, "dzanja langa sindikulimva."

Mchimwene uja analowa pageti wefuwefu, owotcherera awiri ali pambuyo. Ataona galimoto itagwada pansi anagwira kumutu.

"Alamu! Ine ndimati muli kometa! Ine ndimati..."

"Muzinena mukunyamula!" anakalipa mayiwo. "Thabwa ilo, lowetsani apa. Inu awiri, ku bampala. Mukuyang'ana chiyani, ndi filimu?"

Amuna atatu anabuula, galimoto inakwera pang'ono, mayiwo n'kusolola mkono uja mwa kuugwira paphewa. Ataona zala anatseka maso kamodzi kokha, n'kuvula mpango wakumutu n'kukulunga. Mpango woyera unasanduka wofiira asanamalize kumanga mfundo.

Oyandikana nawo anatulutsa galimoto yawo. Ali pampando wakumbuyo, mutu wa amuna awo uli pamiyendo pawo, mayiwo ankakanikiza mpango uja padzanja lovulalalo. Mchimwene anakhala kutsogolo, akulankhula yekha.

"Koma jeke inalipo. Jeke yatsopanotu ija. Ine sindinabe kanthu, chemwali, timatengerana masiku onse."

"Ndiye vuto lake limenelo," anatero mayiwo. "Mumatengerana ngati mchere."

"Musawakalipire," ananong'ona amuna awo. "Inenso sindinasuzumire. Maso anali pa bawuti."

"Inu khalani chete, musunge magazi."

Kuchipatala anapulumutsa dzanja, koma chala chachikulu ndi cholozera zinauma osapindikanso. Munthu wometa amadya ndi zala ziwiri zimenezo. Anaphunzira kugwira makina ndi dzanja lamanzere, ndipo kwa miyezi ingapo makasitomala ake ankatuluka mitu ili ngati munda wolimidwa ndi ana. Ena anapirira, ena sanabwerenso. Sizasi sanaigwirenso. Mayi a mapasa sanadandaule pagulu. Akamva amuna awo akutukwana makina m'chipinda chometera, ankangoti mumtima, bola akutukwana.

Tsono inu amene mukusonkhanitsa zida pang'onopang'ono kuti muzikonza nokha, pitirizani, palibe cholakwika. Gulani zakale, bwerekanani masipanala mpaka muiwale eni ake. Koma chitsulo chimene chimaima pakati pa galimoto ndi chifuwa chanu, gulani chanuchanu, ndipo chikhale choyamba kugula. Musanalowe pansi, gwadani, kwezani lona, muone ndi maso anu, mugwedeze galimotoyo muli panja. Ndipo mukatenga kanthu pakhomo pa mnzanu, chonde tsegulani pakamwa munene. Chitani bwino kuposa alamu awiriwa.